Agalu Aafupi a Bambo Kalinde

Ku Likoswe ukafunsa za a Benedicto Kalinde, anthu amayamba kukuuza za agalu. Ndi ochepa amene amakumbukira kuti kwawo ndi ku Kadewere, ndipo kuno anangobwera kudzakwatira a Veronika n'kukhala pachikamwini. Munda unali wa akazi awo, nyumba anamanga pamalo a akazi awo, ngakhale mwana wawo mmodzi yekhayo, Sungani, anali wa kuchikazi. Chawochawo chinali agalu basi.

Akadali ndi mphamvu ankasamala maluwa kunyumba ya mzungu wina ku Limbe. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira kagalu kamphongo, koyera, ka miyendo ifupiifupi ndi ubweya wokhakhala. Anabwera nako m'dengu panjinga, anthu n'kumaseka. Kusekako kunatha tsiku lomwe ankaphwasula nkhokwe yakale. Kagaluko kanalowa pansi n'kuyamba kupha makoswe, kugwira uyu, kupukusa kamodzi, kutaya, kugwira wina. Panalibe una umene kankauopa, koma nyama ikathawira poyera kankatsalira kutali.

Mlamu wawo wina anali ndi galu wamkazi wa miyendo italiitali, wowonda m'chiuno, woona patali, waliwiro zedi. Vuto lake linali mantha. Nyama ikalowa m'phanga ankangoima panja n'kumauwa. A Kalinde anaganiza zowakweretsa kuti apeze galu wa liwiro la uyu ndi mtima wa uyo. Poti wamphongoyo anali wamfupi, anachita kuimika wamkaziyo mu ngalande kuti mnzake afikire.

Ana oyamba sanawasangalatse. Ena anali a thupi lalitali pa miyendo yopotoka, ena aulesi. Anasankhapo kamodzi kakakazi, ena onse anagawira anthu. Katakula anakakweretsa ndi galu wina waliwiro wa ku Mikolongwe, ana ake n'kuwabwezeranso kwa kamphongo koyera kaja. Zinawatengera zaka, koma anapeza chimene ankafuna: agalu osafika ndi m'mawondo momwe, othamangitsa nchenzi kudambo mpaka kuigwira, olowa m'mapanga kutsatira nungu. Masiku amenewo pakhomo pawo ndiwo sizinkasowa.

Kenaka thengo linatha. Mitengo inapita kumakala, minda inakwera phiri, nyama zinasowa. Anatsala ndi apusi okha, amene atasowa zipatso anayamba kutsikira m'chimanga. Agalu a Kalinde anasanduka alonda a minda ya abale a akazi awo. Chaka chilichonse, chimanga chikayamba kubereka mpaka kukolola, bamboyu ankakhala pachilindo, kachisakasa ka m'mphepete mwa munda, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa.

A Veronika atamwalira ndi matenda a shuga, a Kalinde ankayembekezera kuti akuchikazi awasudzula, mwambo womasula mwamuna woferedwa kuti azipita kumene akufuna. Anayamba apita ku Kadewere kukaona ngati kuli malo. Anapeza ana a mlongo wawo atagawana kale paliponse.

"Atsibweni, pogona tikupatsani," anatero wamkulu wa anawo. "Koma polima palibe. Ndiye agalu anuwo, ife kuno timaweta nkhuku."

Anabwerera ku Likoswe tsiku lomwelo. Pasanapite nthawi munthu wina wa famu ku Thyolo, amene anamva mbiri ya agaluwo, anatuma mawu kuti akufuna mlonda wokhala ndi agalu ake, ndipo nyumba ilipo. A Kalinde anapita kwa a Idesi, akulu ake a malemu akazi awo, amene ankayang'anira banja lonselo.

"Alamu, ndalira mokwanira. Ndisudzuleni ndikaone kwina."

"Tamva, alamu," anayankha a Idesi akusadzula nkhwani. "Koma taonani chimanga chayamba kubereka. Mukachoka pano, tidya chiyani? Tikolole kaye."

Anakolola. Atafunsanso, a Idesi anati mwambo wotere sungachitike mwana wa malemu palibe. Sungani anali ku Joni, kumene ankagwira ntchito alibe mapepala. Bambo ake atamuimbira foni, anayankha motsitsa mawu.

"Ababa, ndikangotuluka muno sindidzalowanso. Dikirani pang'ono zinthu zikhale bwino."

Ntchito ya ku Thyolo inatengedwa ndi wina. Tsiku lina a Idesi anawauza poyera kuti ngati ali pachangu atha kupita, bola asiye agalu. A Kalinde anayesa. Anakagona ku Kadewere masiku angapo, agaluwo atawasiya m'manja mwa mkamwini wa a Idesi. Agalu sanamumvere munthuyo. Anakana chakudya, anapha mwana wambuzi wa eni ake, ndipo galu wina anamenyedwa ndi mpini mpaka kuthyoka mwendo. A Kalinde atamva anabwerera, nam'manga mwendowo ndi nsungwi ndi luzi. Za kupita sanazitchulenso.

Agalu nawo anayamba kubwerera m'mbuyo. Kamphongo koyera kanafa kalekale, ndipo otsalawo onse anali pachibale. Ana ankabadwa ochepa, ena ogontha, ena ankafa asanatsegule maso. Mlangizi wa ziweto amene anabwera kudzabaya katemera wa chiwewe anawayang'ana m'kamwa, n'kunena kuti magazi ayandikana kwambiri, pakufunika wamphongo wachilendo. Aliwiro anali ponseponse m'midzi, koma kukweretsa ndi amenewo ana ankatalika n'kuyamba kuopa mauna. Wamfupi wolusa uja kumudzi kunalibe.

A Kalinde anapita m'tauni ndi kagalu kakakazi m'dengu. Anayenda m'mbali mwa mipanda ya njerwa akumvetsera kauwidwe. Akamva mawu aang'ono akuthwa ankagogoda pageti. Alonda ena ankawayesa wogulitsa agalu obedwa. Mmodzi yekha anawamvetsera mpaka kumaliza, kenaka anati galu wa abwana ake ndi wofula. Anabwerera madzulo, kagaluko kali wefuwefu ndi ludzu.

Lero ali ndi agalu atatu, wamng'ono mwa iwo ndi wogontha, amangotsatira anzake ndi maso. A Kalinde mawondo ayamba kuvuta, ndipo kutchalitchi amapita nyengo yachilimwe yokha, pamene kumunda kulibe cholondera. Anthu amawalemekeza, ana amawagwadira powapatsa moni, chakudya chimawapeza pachilindo pomwepo.

Mvula ya chaka chino isanayambe, a Idesi anakwera kumunda, kumene a Kalinde ankakonza chilindo chawo, atanyamula mbatata yophika m'mbale. Anakhala pamwala, nafotokoza kuti mdzukulu wawo wakwatiwa, ndipo amutsegulira munda watsopano kumtunda, pafupi ndi matanthwe pamene apusi amagona.

"Chilindo chanuchi chili m'munsi kwambiri, alamu. Mukanachisunthira uko."

A Kalinde anabenthula mbatata n'kuponyera agalu. Anayang'ana kumtundako kwa kanthawi, kenaka anafunsa ngati pakhomo pali chikwanje chakuthwa choti akadulire mitengo yake.