Chisa cha Mbewa m'Juzi Yanga

Lero ndatulutsa majuzi a ana m'katoni poti June wafika kuno ku Mzimba. Mulungu ngwabwino, aliyense ali ndi yake. Koma fungo la mkodzo wa mbewa litandimenya, ndakumbukira ku Luwawa komwe ndinakulira.

Ine ndili mwana ndinali ndi juzi imodzi yokha. Tsiku lina tikutola nkhuni m'nkhalango ya paini ndinatuluka thukuta, ndinaivula n'kuibisa pansi pa chipika, mbwenu n'kuiiwala komweko. Ndinkapita kusukulu mano akugundana, koma ndinkaopa kuwauza amama.

Atazindikira patapita masiku, ananditengera kunkhalangoko m'mawa kuli chifunga. Juzi tinaipeza, koma mbewa inali itatafuna mkono wake, kupanga chisa pachifuwa pa juziyo n'kuswera momwemo. Tiana take tinali tofiira, topanda ubweya, tikuphiriphitha pamodzi pa manyi.

"Amama, sindivala! Ikununkha chomene!"

"Mbewazi zilibe moto, mwana wanga, zimafunda chimene zapeza. Nanga iwe uli nayo ina?"

Anaika tianato pa udzu wouma, anakutumula juziyo n'kundiveka okha. Ndinatseka mphuno, ndikupempha Ambuye kuti ndisasanze. Pachifuwa, pomwe panagona tianato, panali pofundabe.