Msewu Unadutsa Pabalaza Pathu

Chitini cha penti yofiira chinali m'manja mwanga, ndipo khamu la anthu linkatitsatira m'tinjira ta komboni ya George. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Atate ankayenda patsogolo. Iwo ndiwo anali tcheyamani wa chipani m'chigawo chathu, ndipo ntchito yanga tsiku limenelo inali imodzi: nyumba imene aloza, ine ndilembe mtanda pakhoma. Nyumba ya mtanda inali yogwetsa, kuti msewu udutse.

Masiku amenewo m'komboni mwathu munalibe msewu. Nyumba zinamera ngati bowa, aliyense pamene wapeza malo. Galimoto inkathera kumsika. Wodwala tinkamunyamula pa wilibala. Amayi anga ananyamulidwapo choncho ali ndi pakati, ndipo anabwerako chimanjamanja. Kunyumba nkhaniyo sitinkaikamba.

Kenako boma linati makomboni asagwetsedwenso, akonzedwe. Linaitana kampani ya kunja yojambula mapulani a nyumba, yomweyo imene inajambula zina mwa nyumba zazitali za m'tauni. Kwa ife anatumiza mnyamata wamtali wa ku Ghana, bambo Mensah. Ankalankhula Chinyanja chothyokathyoka, koma ankayesetsa. Anatiuza kuti kampani yawo inayambira m'kachipinda kamodzi kutsidya kwa nyanja, ndipo tsopano inali ndi maofesi m'mayiko ambiri amene anangolandira ufulu. Iyeyo anali atajambulapo hotela. Msewu wa m'komboni unali woyamba kwa iye.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kachilendo. Msewu sankaulamula ali mu ofesi. Ankabwera ndi chithunzi cha komboni chojambulira m'ndege, kenako n'kuyenda pansi limodzi ndi eni malo, kukambirana nyumba ndi nyumba. Wogwetseredwa ankapatsidwa puloti kumalo atsopano, kutsogolo kwa Lilanda. Kunali kutali ndi msika, kutchire, ndipo palibe ankafuna kupitako.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala ba Chanda, Mbemba wochokera ku migodi, wokhoma zidebe. Iwo ndi atate sankapatsana moni. Chinayambitsa ndi madzi ochapira a kwawo amene ankatsikira pakhomo pathu. Mwana wawo Mulenga tinkamenyana pafupifupi tsiku lililonse. M'mawa umenewo ndinamuonetsa chitini.

"Lelo muzachiona," ndinamuuza. "Yamba kumanga katundu."

"Iwe Jelasi, batate bako si Mulungu," anayankha. Koma maso ake anali pa penti.

Tinalemba nyumba zingapo. Ena ankalira, ena ankatukwana chapansipansi, ena ankangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Penti inkadontha m'mikono mwanga, fungo lake likundipweteka mutu. Dzuwa litafika pamutu tinafika pakhomo pathu.

Bambo Mensah anayala pepala lawo pa mgolo wa madzi wa amayi. Ndinasuzumira. Mzere wa msewu unkabwera mowongoka kuchokera kumsika, ndipo utafika pa nyumba yathu unakhota ngati njoka, n'kudya nyumba ya ba Chanda ndi zina ziwiri kuseri kwake. Ndinaviika burashi.

"Apa wakhota chifukwa chiyani?" atate anafunsa.

"Iyi ni nyumba ya ba tcheyamani," anatero bambo Mensah. "Banandiuza kuti siyenera kugwa. Mwatithandiza maningi."

Sankanyenga munthu. Ankaganiza kuti akuchita ulemu, ndipo ndikhulupirira ulemuwo unali wochokera pansi pa mtima.

"Ukapita mowongoka, zigwa zingati?"

"Imodzi chabe."

"Ukakhota?"

"Zitatu."

Ba Chanda anali ataima pakhomo pawo, nyundo ili m'manja, akazi awo ali kumbuyo ndi mwana kumsana. Anaseka mowawa.

"Lembani, ba Phiri. Tinaziba kudala, kalekale. Mfumu sigona panja, mukwai."

Atate sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa ine.

"Lemba apa."

Ankaloza khoma lathu, pafupi ndi zenera la pabalaza. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Njerwa za khoma limenelo anaumba okha, Loweruka ndi Loweruka, akaweruka ku ntchito yawo ya ulonda. Pansi anatsira simenti yofiira, imene amayi ankaipukuta mpaka kuwala. Inali nyumba yokhayo m'chigawo chathu yokhala ndi mawindo a galasi.

Amayi anatuluka, manja ali ndi thovu la sopo.

"Atate a Jelasi, mwapenga kodi? Munthu wakupatsani mwayi, inu mukuukana? Tikakhale kutchire chifukwa cha anthu amene satipatsa ndi moni womwe?"

"Galimoto ya chipatala sikhota bwino pamenepo," atate anatero.

Amayi anayang'ana wilibala imene inali itatsamira khoma. Analowa m'nyumba.

Bambo Mensah anayesanso. Anati angathe kuchepetsa msewu pamalopo, mwina khonde lokha n'kugwa. Atate anapukusa mutu.

"Mukandikhotera ine, mawa aliyense adzafuna pomukhotera. Aja tawalemba m'mawa ndikawauza chiyani? Jelasi, ndati lemba."

Ndinalemba. Mtandawo unatuluka wopindika. Mulenga anali pomwepo. Ndinadikira kuti andiseke. Sanaseke. Bambo Mensah anatulutsa labala m'thumba, anafufuta pokhota paja, n'kuwongola mzere ndi rula. Kenako anavula chipewa. Sindikudziwa ngati chinali chifukwa cha kutentha.

Kumalo atsopano tinavutika. Mvula yoyamba inatipeza m'kachisakasa ka malata, amayi akuphikira pansi pa ambulera. Anatha mwezi osalankhula ndi atate kupatula za chakudya. Ine ndinawakwiyira nthawi yaitali kuposa pamenepo. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ndinayamba kuthandiza atate kumanga nyumba yachiwiri. Umisiri wanga unayambira pamenepo.

Ndakhala mmisiri womanga moyo wanga wonse. Kampani ija inakula kwambiri, ndipo ndagwirapo ntchito pa nyumba zosanja zimene inajambula. Mapulani ndawaona ambiri. Ndikaona mzere wakhota popanda mwala kapena dambo, ndimadziwa kuti pali munthu wamkulu amene akumuzemba, ndipo pali ang'onoang'ono amene aphwanyidwa m'malo mwake. Wojambula akhoza kukhala wa mtima wabwino ngati bambo Mensah. Wokana amayenera kukhala mwini nyumbayo. Ndili mwana ndinkaona ngati atate anatitaya. Lero minibasi zimadutsa pamene panali pabalaza pathu, ndipo amayi apakati amafika kuchipatala atakhala pampando.

Tsiku logwetsa ndimalikumbukira bwino. Atate anakana kuti ena agwetse. Anakwera okha padenga n'kuyamba kuzula misomali, ine ndikulandira malata pansi. Tili mkati, ba Chanda anatulukira ndi wilibala yawo, Mulenga ali pambuyo. Sanapereke moni. Anayamba kutilongedzera njerwa zimene zinali zamphumphu.

Atate anatsika. Awiriwo anaima moyang'anana, fumbi lili mbuu.

"Ba Phiri," anatero ba Chanda, "vija va manzi ochapira..."

Atate anawayang'ana pang'ono. Anatola zenera la galasi, analiika bwinobwino pamwamba pa njerwa mu wilibala ya ba Chanda, kuti iwowo atinyamulire. Kenako anasenza malata pamutu, n'kuuyamba ulendo wa ku puloti.