Chitenje Changa mu Filimu ya Mfuti

Mwana wanga wamkazi anali atauza kale kalasi yonse kuti amayi ake aoneka mu filimu. Ine amene ngakhale m'basi ndimachita manyazi kupempha munthu kuti asendere! Ananditengera kumeneko ndi azakhali ena a kutchalitchi kwathu, obadwira ku Zimbabwe. Iwo anamva kuti ojambula filimu yoopsa ya zigawenga akufuna anthu oti adzaze msika wa m'tauni ya Romford, kuno kwa azungu.

"Palibe choyankhula, mwana wanga," anatero azakhaliwo. "Mfuti ikalira, iwe liwiro. Kuthawanso n'kofuna sukulu?"

M'mawa umenewo kunazizira, ndiye ndinamanga chitenje pamwamba pa jekete. Anatiimika pafupi ndi ogulitsa zipatso. Anatiuza kuti mfutiyo ndi yabodza, magaziwo ndi manyuchi ofiira. Ndinamva bwinobwino.

Phuu! Bambo wa jekete lachikopa anagwa chagada patsogolo panga, maso ali tong'o. Anthu onse anabalalika. Ine sindinathawe. Kwathu munthu akafera pamsewu sasiyidwa pamtunda ngati galu. Ndinangozindikira ndamasula chitenje, ndagwada, ndamufunditsa kumaso.

Wina anakuwa kuti asiye kujambula. Nditaona mkulu wa filimuyo, mzungu wamtali wandevu, akubwera, mumtima ndinati basi andithamangitsa, kamwana kanga akakaseka kusukulu.

Pomwepo malirowo anayetsemula pansi pa chitenje. Anthu anafa nacho chiseko.

Mkuluyo anandifunsa chifukwa chimene ndachitira zimenezo. Chizungu changa chonse chinathawa. Azakhali ndiwo anandiyankhira kuti kwathu timatero. Iye anakayang'ana pa kakanema kake, kenako anabwerera n'kunena kuti ndichitenso chimodzimodzi, koma pang'onopang'ono.

Tinabwereza mpaka mawondo anga anachita dzanzi. Azakhali ankathamanga ulendo uliwonse, n'kubwerera ali wefuwefu.

"Iwe mwana ndiwe wochenjera! Anzako tikutha mpweya, iwe ukungogwada ngati uli pa mapemphero."

"Si inu munati kuthawa n'kosavuta, azakhali?"

Aka kanali koyamba kuwayankha nthabwala, ndipo anandimenya kambama kapaphewa akuseka.

Filimuyo inatuluka, ndipo ndilimo, nkhope yonse. Mwana wanga sanaionerebe, poti ndi ya akuluakulu. Koma chitenje chija anapita nacho kusukulu, manyuchi ake ali pomwepo, ndipo mpaka lero amandiletsa kuchichapa.