Makatani a Mayi Gulbanu

Mayi Gulbanu anabadwira ku Limbe, kuseri kwa sitolo ya nsalu ya bambo awo. Anafika mumzinda wa Leicester, kutsidya kwa nyanja, mu 1976, mwana ali kumanja, mutu wa makina osokera uli m'sutikesi. Iwo ndi amuna awo, a Tayub, anapeza nyumba ku Spinney Hill, imodzi mwa nyumba zogundizana makoma. Makatani oyamba anasoka a m'nyumba mwawo momwemo. Mayi wa khomo loyandikana atawaona anafuna ake, ntchito n'kuyambira pamenepo.

Poyamba ankayenda wapansi. Kenako anayamba kuitanidwa ku New Parks, ku nyumba za khonsolo zomwe zinamangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Nkhalamba ina yachizungu kumeneko inawauza kuti pomwe inkalowa m'nyumba yake, ng'ombe zinkadya msipu kuseri kwa mpanda. Iwo anangoseka. Koma pasanapite nthawi anadzionera okha ku Beaumont Leys. Ankatsika basi pothera tala, n'kuponda matope kukayeza mawindo a nyumba zonunkha penti. Kutadzaza kumeneko, omanga anasamukira ku Hamilton, iwo n'kuwalondola. Ulendo wa basi imodzi unasanduka wa mabasi awiri.

A Tayub anamwalira. Ana awo onse atatu anakwatira n'kukakhala ku nyumba zatsopano zomwezo. Mawondo anayamba kuvuta, koma foni sinaleke kulira.

Chaka chatha analandira foni ya Atuweni, namwino wochokera ku Zomba, amene anali atangolowa m'nyumba yatsopano kunja kwenikweni kwa mzinda. Basi inali isanayambe kufika kumeneko. Mayi Gulbanu anayenda theka la ola kuchokera pa siteji, mphepo ikuwomba pamtetete, mathirakitala akukumba mbali zonse.

“Anti, mwayenda wapansi? Bwanji osandifonera ndikakutengeni?” anafunsa Atuweni potsegula chitseko.

“Ndinkayesa ndi pafupi, mwanawe. Kale mzinda unkathera kuja ndatsikira basi.”

Atapuma anakwera kamakwerero m'chipinda chochezera. Pa sitepe yachitatu mkono unakana kufika pamwamba pa windo. Anayesa kawiri. Kenako anatsika mwakachetechete n'kupereka tepi kwa Atuweni.

“Kwera iwe. Uzinditchulira manambala, ine ndizilemba.”

Anayeza choncho mawindo asanu ndi anayi, iwo atakhala pa katoni. Pa windo la m'mwamba ankaona maziko a nyumba zina ali ndandanda mpaka kuchitunda.

“Akuti amanganso mazana asanu,” anatero Atuweni. “Anzanga onse ndiwauza za inu.”

“Usawauze. Awo akasokeredwa ndi ena.”

Makatani a Atuweni anawatengera milungu isanu, ntchito yomwe kale inkatha mlungu umodzi. Atamaliza anavindikira makina ndi nsalu.

Mwana wawo wamkazi, Afsana, amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, wakhala akuwakakamiza kuti asamukire kwa iye ku Hamilton. Akuti kuli chipinda chapansi, sadzavutikanso ndi masitepe. Iwo sakana, komanso savomera. Amati aganiza kaye nyengo yozizira ikatha.

Masiku ano amatuluka kamodzi patsiku, cha m'ma teni koloko, kukagula nyama ndi anyezi pa kona. Pobwerera amaima kawiri, dzanja litagwira mpanda wa eni ake, kudikira kuti bondo lileke kuwawa.