Mfumukazi Yobadwa Kawiri

Ndikukumbukira mabotolo aja amene ankakhala pazenera la kalasi yathu, pasukulu ya mishoni cha ku Kasenengwa, nthawi ya Chitaganya. Mwana aliyense anali ndi lake. Tikamaweruka, aphunzitsi a Tembo ankatipatsa funso limodzi la mbiri yakale loti tikagone nalo, ndipo m'mawa woyankha bwino ankamuponyera njere ya chimanga m'botolo lake. Kaphokoso ka njereyo, kuti ngwee, kankandikomera kuposa uchi.

Chaka chimenecho njerezo zinali ndi mphotho. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mfumukazi ya ku Mangalande, lole ya ansembe inkapita ku Foti, kumene lero timati Chipata, kukaonera perete wa apolisi, ndipo kalasi yathu anaisungira malo a mwana mmodzi. Ine tauni ndinali ndisanaionepo. Ndinkangomva kuti kuli masitolo a amwenye onunkhira nsalu zatsopano, ndi buledi woti ukamudina amabwerera yekha. Koma botolo langa linali ndendende ndi la Sitefano, mwana wa akatekisiti, kamnyamata kopesa mzere m'mutu kamene kankakweza mkono funso lisanathe. Kankandinyansa bwanji!

Funso lotsiriza linali lakuti: Mfumukazi inabadwa mu Epulo, nanga n'chifukwa chiyani timakondwerera kubadwa kwake mu Juni?

Ndinathamanga njira yonse, fumbi lili koboo. Ndinapeza Atate ndi Amama pabwalo akuthothola nsawa, manja ali mbuu ndi dothi. Atate, amene anali asanavomerepo kuti chinthu sachidziwa, anati mwina ndi amapasa. Amama sanadzutse n'komwe mutu. Anati, “Ha, sukulu yonseyo funso lake lomwelo? Mu Epulo anabadwa, mu Juni anatuluka m'chikuta.” Kwathu mwana akabadwa ankabindikira m'nyumba ndi amake mpaka mchombo utagwa, ndipo tsiku lotuluka ndilo anthu ankamuona. Ndinawakumbutsa kuti mng'ono wanga sanathemo ngakhale sabata ziwiri. Iwo anati, “Iwe Venansiya, mchombo wachifumu ungagwe msanga ngati wa mwana wa Jere?” Atate, a Jere eni akewo, anangotsokomola.

M'mawa mwake chitsulo cha pulawo, belu lathu, chitalira pamtengo, tinalowa m'kalasi tikunjenjemera, miyendo itang'aluka ndi mphepo. Sitefano anayamba, manja kumbuyo ngati ali paguwa. Anati tsiku lachiwirilo ndi la ubatizo, pakuti munthu amabadwanso mwa madzi. Aphunzitsi anapukusa mutu, ine mtima unachita kuvina. Ndinaimirira ndi matama onse, n'kunena za chikuta, osaiwala mchombo wachifumu uja.

Abale inu, kalasi inaphulika! Ena anagwa pabenchi. A Tembo, munthu amene mano ake tinkangowamvera mbiri, anatembenukira kubolodi mapewa akugwedezeka, ndipo choko chinawapulumuka m'manja. Ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi, ndipo lole ija ndinaiona ikunyamuka popanda ine.

Atapukuta misozi, aphunzitsi anatiuza yankho. Anati ku Mangalande mu Epulo kumakonda kugwa mvula, choncho chikondwerero anachiika mu Juni, mwezi wofunda, kuti anthu aonere perete padzuwa.

Apa ndiye mkwiyo unaposa manyazi. Ine pakamwa sipanandichedwepo chibadwire. Ndinaiwala kukweza mkono, n'kufuula kuti, “Aphunzitsi, Juni wake uti wofunda? Taonani miyendo yathuyi! Kapena azunguwo anakunamizani?”

Masiku amenewo kutsutsa mphunzitsi kunali kudziitanira mkwapulo, ndipo ndinayamba kale kumva kuyabwa kumbuyo. Koma a Tembo anangofunsa ngati alipo angandiyankhe. Sitefano anangoyang'ana zala zake. Pamenepo aphunzitsi anatulutsa lalanje m'thumba mwawo, natiitanira pakhomo pamene panali dzuwa. Analipendeketsa, nati ndilo dziko lapansi, n'kutionetsa kuti dzuwa likawomba kwambiri kumtunda kwa lalanje kumene kuli Mangalande, kumunsi kumene tili ife kumazizira. Atatha anapita pazenera, nati, “Lero yankho palibe walipeza, koma funso labwino lapezeka.” Ndinangomva kuti ngwee, m'botolo langa.

Ku Foti ndinapita, nditakhala pamwamba pa matumba kumbuyo kwa lole, nditafunda bulangete la Atate lonunkha utsi wa fodya. Ndinaona apolisi a makabudula owuma ndi sitachi, malipenga akung'anima, ng'oma yaikulu ikugunda mpaka m'mimba mwanga. Buledi ndinamudina, ndipo anabwereradi. Koma chisanu chake! Ana a sukulu tinaima pamzere mano akugundana, timbendera tikunjenjemera m'manja, kuti ena kutsidya kwa nyanja awothere dzuwa.

Nditabwerako ndinawafotokozera Amama za lalanje lija bwinobwino. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati aphunzitsiwo ndi mwamuna, za chikuta angazidziwire kuti? Chimene chinawadandaulitsa n'chakuti azamba a ku Mangalande anatulutsa khanda panja mwezi wa chisanu chotere.

Lero adzukulu anga funso lotere amangolidina pafoni, yankho n'kutuluka madzi asanawire. Sindikana, amadziwa zambiri kuposa ife. Koma funso lawo siligona m'nyumba, silifika pamulu wa nsawa kuti makolo alilimbirane. Chitaganya chinatha, dzina la Foti linapita, a Tembo ndi Amama anatsogola. Koma mphepo ya Juni ikayamba kuluma, ine ndimadzipeza ndikukoka chitenje n'kumadandaula ndekha kuti khanda la eni lija analifunditsa mokwanira kodi.