Galafu Yomwe Inadya Mbewu ya Apongozi Anga

Ndinawonongetsa mbewu ya mpunga ya apongozi anga chifukwa chokhulupirira kompyuta kuposa maso anga, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Inu owerenga amene mumagwira ntchito ndi makinawa, ndimvereni.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1990, nyanja ya Chilwa itayamba kuphwa. Ndinali mkamwini kwa Mwambo, ndikugwira ntchito m'bungwe lina loyeza madzi a mumtsinje wa Likangala. Ndinkawerenga mulingo wa madzi pa thabwa la manambala lomwe linazikidwa mumtsinjemo, kenako n'kupalasa njinga kupita ku ofesi ku Zomba kukalowetsa manambalawo mu kompyuta.

Injiniya amene anabweretsa kompyutayo anasungamo ndondomeko yake yonse asanachoke, kuti ife otsala tisamavutike. Ukangodina batani, pulogalamu inkatenga manambala, kuwakonza, n'kujambula galafu, mzere wosonyeza mmene madzi akuyendera. Ndinkaikonda zedi. Sindinatsegulepo ndondomekoyo kuti ndione zomwe imachita m'kati. Ndinkati anakonza ndi ophunzira, ine ndine ndani.

Chaka china mtsinje unatsika moopsa. Powerenga thabwa ndinkaponda mchenga pamalo pomwe kale madzi ankandilekeza m'mawondo. Koma pa kompyuta mzere unkangoyenda bwinobwino, osagwa, ndipo ine wopusane ndinkadziuza kuti makina akuona zomwe ine sindikuona.

Apongozi anga aakazi anali amasiye, ndipo chuma chawo chinali thumba la mbewu ya mpunga wa faya lomwe ankalisamala ngati khanda. Ankasinkhasinkha ngati afese nazale ya chilimwe kapena adikire mvula. Kwathu kuno mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, ndiye anatuma mkazi wanga.

"Amayi akuti inu mumaona madzi pa makina. Afese kapena adikire?"

Apa mpamene ndinadzimva. Ine munthu amene pamudzi ankangonditenga ngati mlendo, lero ndikufunsidwa nzeru. Ndinayankha kuti afese yonse, madzi afika mpaka kukolola. Ndinasindikizanso galafuyo papepala kuti mkazi wanga akawaonetse, ngakhale ndinkadziwa kuti sawerenga.

Anafesa, mbande zinamera, anawokera. Posakhalitsa ngalande yobweretsa madzi a mu Likangala kumunda kwawo inauma, nthaka inang'aluka, mpunga unafiira usanabereke.

Mpamene ndinakatsegula ndondomeko ija, madzi atafika kale m'khosi. Injiniyayo anaikonza m'zaka za mvula yambiri. Anaiuza kuti ikapeza nambala yotsika kwambiri iziyesa kuti wolemba walakwitsa, iitaye, n'kuikapo ya masiku am'mbuyo. Iye sanalakwe, pa nthawi yake zinali zoona. Koma manambala anga otsika anali enieni, ndipo makina ankawataya onse mwakachetechete, ine n'kumasekerera mzere wokongola.

Mvula itagwa, anthu ali kalikiliki m'minda, apongozi analibe chofesa. Tsiku lina ndikuchokera kumtsinje ndinawaona patali atawerama m'munda wa eni, akuwokera kuti awagawireko mbande zotsala. Ndinapatuka njira monga amachitira mkamwini aliyense, koma tsiku limenelo chinandipatutsa ndi manyazi. Sananditumizire mawu oipa ngakhale amodzi. Anangosiya kufunsa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Sindikunena kuti kugwiritsanso ntchito ndondomeko yosungidwa n'kulakwa, ayi, kumapeputsa ntchito, ndipo ine ndinapitiriza kutero. Koma musanadine batani, itseguleni muone chomwe ikutaya ndi chomwe ikuwonjezera. Funsani kuti anaikonza liti, zinthu zili bwanji. Ngati chithunzi chikutsutsana ndi zomwe mwaona nokha, musathamangire kuuza anthu. Amene amve mawu anu n'kukafesa alibe batani lobwezera mbewu m'thumba.