Tsiku Lomwe Ndinanamizira Mkuwa

Ndimakonza mafoni pa Lirangwe, ndipo makasitomala akasowa ndimasewera gemu ina pa laputopu. Umathiramo mchenga, madzi kapena moto n'kumaonerera zomwe zichitike. Ine ndinawonjezeramo zitsulo zodutsa magetsi, mkuwa ndi aluminiyamu, chilichonse n'kuchipatsa nambala ya mphamvu yake.

Alamu anga a ku Chileka, amene amaika mawaya m'nyumba za anthu, ankandiseka chifukwa sola yanga ndinalumikiza ndi waya wotchipa wa aluminiyamu. Tsiku lina nditawaona akutsika minibasi, ndinasinthanitsa manambala aja msangamsanga.

"Alamu, tabwerani mudzaone sayansi," ndinatero.

M'gemumo, babu lolumikizidwa ndi aluminiyamu linawala ngati dzuwa la Okutobala. La mkuwa linkangophethira.

Ndinkayembekezera mkangano, koma iwo anavula chipewa n'kukhala pabenchi.

"Kompyuta siinama," anatero motsitsa mawu. "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikupusitsa anthu?"

Munthu wabwino akanaulula pomwepo. Ine ndinawagulira chitumbuwa.

Patatha mwezi, waya wanga uja anatentha mpaka kununkha. Ndinakagula wamkuwa ku Lunzu, kutali ndi maso awo, n'kumubisa m'paipi.

Pano akabwera kwathu amayang'ana babu n'kugwedeza mutu. "Aluminiyamuyu ndi dolo, alamu!"

Ine ndimangoti eya. Koma Loweruka likubwerali akukaika mawaya kunyumba kwa apongozi anga. Apongoziwo akufuna mkuwa, ndiye alamu andiuza kuti ndibwere ndi laputopu.